Messiah wa Beecham, wa Davis kapena wa Hogwood? Kusankha chimbale cha classical choyenera bandulo yanu

Aliyense amene anakhalapo mu video show kaya pa bala Lachiwiri kapena Lachitatu usiku kudikira mpira wa Champions League anamvapo kale Handel, kungoti samadziwa. Kanyimbo kaja kamalira osewera atandanda pamzere kaja, Tony Britten anakakonza mu 1992 potengera Zadok the Priest, nyimbo yomwe George Frideric Handel analemba mu 1727 polonga ufumu wa George II ku England. Ndiye zoti nyimbo za classical ndi za anthu ena ake apatali ine sindivomereza, makamaka ife amene tinakulira m'makwaya tikuwerenga doh re mi pa bolodi. Vuto lenileni limabwera pena. Mwafuna kumvera Messiah yense, nyimbo yaitali ya kwaya ya Handel yemweyo, mwalemba pa YouTube kaya pa Spotify, ndiye zikukubwererani zimbale mbwee, wolemba yemweyo, nyimbo yomweyo, oimba okha ndi amene akusiyana, pomwe bandulo muli nayo ndi imodzi. Mutenga chiti?

Ena amati chilichonse basi, manotsi si omwewo. Ayi ndithu. Nyimbo imodzi yomweyo ya m'buku amayi a Chigwirizano akaiimba pa siwa cha m'ma 3 koloko m'mawa amaikoka mpaka mawu aliwonse kulemera, kwaya ya achinyamata ikaitenga pa ukwati Loweruka imathamanga nayo mpaka anthu kuyamba kuvina, ndipo palibe amene wasintha noti ngakhale imodzi. Ku classical zilinso chimodzimodzi, ndipo kusiyanako nthawi zina kumakula moti mutha kudana ndi nyimbo yabwinobwino chifukwa choti munayambira chimbale chomwe sichikugwirizana ndi khutu lanu kapena malo omwe mukumverera. Ineyo ndimayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba, kodi mizere yonse ikumveka, sopurano, alito, tena ndi besi aliyense payekha, monga momwe kwayamasitala wabwino amafunira? Chachiwiri, kodi ipulumuka pa foni ndi timahedifoni tathu togula ku Tsoka tija? Poti ambirife si kuti tili ndi chipinda chapadera chokhala ndi masipika akuluakulu.

Tiyambe ndi Messiah poti ndi amene makwaya athu amamukhudzako, makamaka Hallelujah nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka. Handel anamulemba mu 1741 m'masabata atatu ndi masiku ochepa chabe, ndipo anaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 April 1742 ndi gulu laling'ono. Patapita zaka anthu a ku England anayamba kuunjikapo oimba, mahandiredi, kenako masauzande ku Crystal Palace m'zaka za m'ma 1800, ndiye zimbale za Messiah zimagawika pamenepo, zina zimatsata chikhamu chija, zina zimabwerera ku kagulu ka Handel mwiniwake.

Kumbali ya chikhamu mfumu yake ndi Thomas Beecham, chimbale cha 1959 ndi Royal Philharmonic Orchestra. Bambo ameneyu sanachite manyazi, anagwiritsa ntchito makonzedwe a Eugene Goossens omwe anawonjezera ma cymbal, ma trombone, harp ndi zina zomwe Handel sanalembemo, ndiye Hallelujah yake ikafika pachimake imachita kugwedeza mawindo. Tena wake ndi Jon Vickers, mawu amphamvu zedi a munthu wozolowera opera. Akatswiri ambiri amakwinya nkhope akamva dzina la chimbale chimenechi, koma kunena zoona ndi chosangalatsa, ndipo ngati mukufuna kuonetsa mlendo kuti nyimbozi si zogonetsa tulo, muikireni chimenechi. Koma kuphunzirirapo ayi. Alito amamira m'phokosomo, ndipo kwaya ya anthu 25 ikayesa kutengera kaimbidwe kameneka imangothera kukuwa.

Mbali inayo kuli Christopher Hogwood ndi Academy of Ancient Music, chimbale chomwe chinatuluka mu 1980. Awa anabwerera ku zida za nthawi ya Handel, mavayolini a nsambo za matumbo a nyama, malipenga opanda mavavu, kwaya yake ndi ya Christ Church Cathedral ku Oxford momwe sopurano amaimba ndi tianyamata, ndipo anatsatira momwe Messiah anaimbidwira ku Foundling Hospital mu 1754. Emma Kirkby alimo, mawu oyera mbee osanjenjemera. Chilichonse chimamveka poyera, mzere uliwonse mutha kuutsatira ndi chala. John Eliot Gardiner ndi Monteverdi Choir anajambula wake mu 1982, zida zakale zomwezo koma kwaya ya akuluakulu amuna ndi akazi, ndipo tizigawo tothamanga ta For unto us a child is born, pomwe makwaya ambiri amapunthwa, awa amatidutsa mopepuka moti umachita kukayika ngati akupuma.

Koma a kwayamasitala mverani apa, poti apa ndi pamene pamasokoneza anthu. Magulu a zida zakale amachuna motsika. Kiyibodi ya kutchalitchi kwanu A wake ali pa 440 Hz, pomwe magulu ngati a Hogwood ndi Gardiner amaimba baroque, nyimbo za nthawi ya Handel, cha pa 415 Hz, kutsika ndi semitoni yathunthu. Ndiye pepala lanu likunena kuti Hallelujah ili mu D, doh ndi D, koma chomwe chikutuluka m'sipikamo khutu likuchimva ngati D flat. Anthu akamvera chimbalecho sabata yonse kenako n'kubwera ku pulakatisi, woliza kiyibodi akuyamba mu D weniweni, masopurano akudabwa kuti bwanji lero zakwera chonchi, mkangano n'kuyambika pomwe palibe walakwa. Njira ndi ziwiri, kudina transpose kutsitsa ndi 1 pomwe mukutsatira chimbalecho, kapena kungosankha chimbale cha zida zamakono.

Mpake ine ndimati wa pakatikati ndi amene amatiyenera kwambiri, Colin Davis ndi London Symphony Orchestra mu 1966. Zida zamakono, kiyi yogwirizana ndi kiyibodi yanu, koma gulu lochepetsedwa ndi liwiro lamoyo, ndipo oimba paokha ngati Heather Harper ndi Helen Watts amaimba mwaulemu osadzionetsera. Ndi chimodzi mwa zimbale zomwe zinayamba kuchotsa Messiah m'matope a kaimbidwe kolemera kaja. Ngati bandulo ikukwana Messiah mmodzi yekha, tengani ameneyu, Gardiner adzabwere mwezi wamawa. Onetsetsani chaka chokha, Davis anadzajambulanso Messiah pambuyo pake.

Tsopano Beethoven. Symphony yachisanu, nyimbo yaitali ya gulu lonse la zida, ija ya ta-ta-ta-taaa, inamveka koyamba ku Vienna mu December 1808, ndipo apa mkangano ndi wochepa chifukwa anthu ambiri okonda nyimbozi amaloza chimbale chimodzi, Carlos Kleiber ndi Vienna Philharmonic mu 1974. Kleiber anali munthu wovuta, wokana ntchito, zimbale anajambula zochepa kwambiri moyo wake wonse, koma apa anakoka gululo ngati mawa kulibe. Chomwe chimandigwira ine si poyambira potchuka paja ayi, ndi pakati pa gawo lachitatu ndi lachinayi, pomwe nyimbo imatsika mpaka kungotsala ng'oma ikugunda chapansipansi kwa nthawi ndithu kenako gulu lonse n'kuphulika mu C major. Ambiri amafika pamenepo atatopa kale kapena amafulumira kukweza, Kleiber amadikira mpaka mtima kuchita kupweteka. Ubwino winanso nthawi zambiri chimabwera pamodzi ndi symphony ya nambala 7 ya iye yemweyo, ndiye mwapha ziwiri.

Herbert von Karajan ndi dzina lomwe lidzakutulukirani pamwamba paliponse. Anajambula ma symphony onse 9 maulendo anayi, kamodzi ndi Philharmonia ya ku London m'ma 1950, katatu ndi Berlin Philharmonic, ndiye kungolemba kuti Karajan Beethoven sikokwanira. Yabwino ndi seti yomwe inatuluka mu 1963, imakhalabe ndi moto. Za m'ma 1980 zija zinasalala mopitirira, zida zonse zosungunukira pamodzi, zokoma inde koma ukafuna kumva kuti chitoliro chikuti chiyani, besi akupita kuti, sungazipeze, ndipo pa sipika ya foni zimangosanduka chiphokoso chimodzi chofewa. Gardiner ali kumapeto enawo ndi Orchestre Révolutionnaire et Romantique, seti ya 1994, zida zakale, liwiro loyesa kutsata manambala a metronome, kachida koyezera liwiro la nyimbo, omwe Beethoven mwiniwake anasiya, ng'oma zouma zomveka gwa gwa. Ena amati akuthamangira basi yomaliza. Ine ndimati pa hedifoni yotchipa ameneyu ndi amene amamveka bwino kuposa onse.

Symphony ya nambala 9, ya 1824, Beethoven atagontha kale, ndi nkhani ina chifukwa zimbale zake zotchuka zimatchuka ndi tsiku lomwe zinajambulidwa. Wilhelm Furtwängler anaitsogolera mu July 1951 potsegulanso chikondwerero cha Bayreuth nkhondo yachiwiri itatha, ndi mono, kajambulidwe kakale kotulutsa mawu onse njira imodzi, mukumveka kutsokomola, gawo lachitatu amalikoka ngati pemphero, ndiye kumapeto kwenikweni amathamanga moti oliza zida akuchita kutsalira. Leonard Bernstein anaitsogolera ku Berlin pa Khirisimasi ya 1989 khoma litangogwa kumene, ndi oimba ochokera ku Germany mbali zonse ziwiri, America, Britain, France ndi Soviet Union. Ameneyu ndi woonera, osati wongomvera, muone nkhope ya nkhalambayo, sipanathe chaka anamwalira. Mukangomvera popanda chithunzi ndi yochedwa kwambiri ndipo penapake imalendewera. Yomvera tsiku ndi tsiku tengani Karajan wa 1963 yemweyo, sopurano wake ndi Gundula Janowitz. Ndipo poti ena amafunsa, inde Karajan analowa chipani cha Nazi, Furtwängler sanalowe koma anatsala ku Germany akuimbira boma limenelo, aliyense aone yekha kuti zimenezo azisenza bwanji pomvera.

Apa ndipatuke pang'ono. Nyimbo zathu za masiku ano, kaya amapiano kaya gospel, ku studio amazipanikiza kuti phokoso likhale lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'chifukwa chake zimamveka bwinobwino mu minibasi. Classical sachita zimenezo, pofewa pamakhala pofewa zenizeni, pokwera n'kukwera zenizeni. Ndiye muli mu minibasi kuchokera ku 25 kupita m'tauni, injini ikulira, kondakitala akuitanira, dalaivala waika zake, inu mukumvera Beethoven, pofewa paja simumva kanthu, mukweza voliyumu mpaka kumapeto, kenako gulu lonse likulowa n'kukubayani m'makutu. Choncho ma symphony akuluakulu asungireni usiku kunyumba, bola magetsi akazima kumakhala zii ndithu ngati aneba alibe jenereta. Pa msewu tengani piyano yokha, chelo yokha (chivayolini chachikulu chija choliza utakhala pansi), kapena magulu ang'onoang'ono a baroque. Zimbale zakale za mono nazonso zimapirira phokoso modabwitsa chifukwa makina a nthawi imeneyo sankatha kutenga kusiyana kwakukulu kotere.

Zomwe zikutifikitsa kwa Bach ndi Glenn Gould, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa palibe chitsanzo china chabwino choonetsa kuti woimba amasintha nyimbo kuposa munthu mmodzi yemweyo atajambula nyimbo imodzi kawiri. Goldberg Variations inasindikizidwa mu 1741, kanyimbo kofatsa kotchedwa aria, kenako masinthidwe 30, kenako aria yomweyo kubwereranso. Masinthidwewo satsata mawu apamwamba ayi, amatsata mzere wa besi, ndiye amene mumaimba besi ku kwaya iyi ndi nyimbo yanu, mverani dzanja lamanzere. Komanso kusintha kwachitatu kulikonse, kuyambira nambala 3 mpaka 27, ndi canon, mawu ena kuyamba ena n'kutsatira pambuyo ndi nyimbo yomweyo. Bach anailembera harpsichord ya makiyibodi awiri, chida chakale chonga piyano, n'chifukwa chake pa piyano manja amachita kupingasana.

Gould, mnyamata wa ku Toronto, anaijambula ku New York mu 1955 ali ndi zaka 22. Mphindi 38 ndi kanthu basi, osabwereza chigawo chilichonse, zala zikuthamanga koma noti iliyonse ikumveka payokha. Kampani yake poyamba inkakayika kuti ndani angagule nyimbo yotere, koma chimbalecho chinamutchukitsa dziko lonse. Mu 1964 anasiyiratu kuimba pamaso pa anthu, n'kumangogwira ntchito mu studio. Ndiye mu 1981 anabwereranso ku nyimbo yomweyo, ulendo uno mphindi 51, aria yoyamba ija kuichedwetsa mpaka umayamba kuopa kuti iduka, ndipo masinthidwewo anawalumikiza kuti kugunda kwa kumodzi kuzibala kwa kotsatira. Chimbale chinatuluka mu 1982, iye n'kumwalira October wa chaka chomwecho ali ndi zaka 50 zokha.

Chabwino n'chiti? Anthu akhala akukangana zaka zonsezi. Cha 1955 ndi cha m'mawa, cha pa msewu, chimadzutsa, ndipo poti ndi mono chokhala ndi mawu owuma chimadutsa phokoso la m'tauni bwinobwino. Cha 1981 ndi chomwe ine ndimabwererako, chili ndi maganizo, kusintha kwa nambala 25 kuja kwa minor kumamveka ngati munthu akudziyankhula yekha. Chenjezo lokha, Gould ankang'ung'udza poliza, ndipo mu 1981 zimamveka bwino lomwe makamaka pa hedifoni, mpaka mutha kutembenuka kuganiza kuti wina walowa m'chipinda. Ena zimawanyansa zedi. Ngati muli m'gulu limenelo pitani kwa Murray Perahia, chimbale cha 2000, amabwereza zigawo monga Bach analembera ndiye chimapitirira ola, piyano yake imaimba mofunda, palibe zachilendo, palibe kung'ung'udza. Kwa mwana amene akuphunzira piyano, kaya ku Music Crossroads ku Area 23 kaya kwa mphunzitsi wa kutchalitchi, ndingamupatse Perahia poyamba, chifukwa Gould ukamutengera usanakhwime umangotola makhalidwe ake osatola luso lake. Víkingur Ólafsson wa ku Iceland anatulutsa yake mu 2023, kajambulidwe kake n'koyera kwambiri, ngati mwagula mahedifoni abwino mukufuna kuwayesa ndi imeneyo.

Ku chelo, ma suite 6 a Bach anali ngati oiwalika, anthu ankawatenga ngati zoyeserera zala, mpaka Pablo Casals atapeza buku lake m'sitolo ku Barcelona ali ndi zaka 13. Anadikira zaka zambiri asanawajambule, pakati pa 1936 ndi 1939, kwawo ku Spain kuli nkhondo yapachiweniweni. Chimbale chimenechi chili ndi kaphokoso ka shii kosalekeza, penapake uta ukukhula nsambo mwaukali, koma munthuyo akulankhula, ndipo mphindi zisanu zikadutsa kaphokoso kaja simukamvanso. Pierre Fournier, chakumayambiriro kwa ma 1960, ndi wodekha, waulemu, mawu okuya, ndipo kwa woyamba kumene ndi ameneyu, palibe chomwe chingakukhumudwitseni. Yo-Yo Ma anajambula katatu, 1983, 1997 ndi 2018, ndipo chomaliza chija, Six Evolutions, n'chopepuka komanso chovinika kuposa zoyamba zija, zomwe n'zoyenera poti ma suite amenewa ndi magule, allemande, courante, sarabande, gigue. Koma musadumphe Abel Selaocoe wa ku Sebokeng ku South Africa. Pa chimbale chake cha 2022, Where Is Home, anaika Bach pambali pa nyimbo za kwawo, akuliza chelo uku akuimba ndi mawu a pakhosi, ndipo sizimveka ngati zokakamiza. Si seti yonse ya ma suite ayi, koma kwa ife chimatsegula khutu mwa njira ina.

Pa concerto ya chelo ya Edward Elgar, momwe chelo imodzi imaimba ndi gulu lonse la zida, ya 1919, nkhondo yoyamba itangotha, pali dzina limodzi lomwe linaphimba ena onse. Jacqueline du Pré anaijambula mu 1965 ali ndi zaka 20, ndi London Symphony Orchestra motsogozedwa ndi John Barbirolli, yemwe ali mnyamata analiza nawo chelo m'gulu lomwelo tsiku lomwe nyimboyi inamveka koyamba. Du Pré sasunga kanthu, kuyambira manotsi oyambirira amangokhuthula zonse, ndipo podziwa kuti matenda a multiple sclerosis anamuletsa kuliza mu 1973 n'kumwalira mu 1987, n'kovuta kumvera osaganizako. Sheku Kanneh-Mason, yemwe mayi ake ndi ochokera ku Sierra Leone ndipo ambiri tinamuona pa ukwati wa Harry ndi Meghan mu 2018, anatulutsa yake mu 2020 ndi Simon Rattle ndi gulu lomwelo la London. Yake ndi yodzigwira, chisoni chosungira mkati. Ndimamukonda mnyamatayo ndipo ana athu ayenera kumuona akuliza, koma pa nyimbo iyi du Pré akadali patsogolo.

Vivaldi ndimudutsa msanga. Four Seasons inasindikizidwa mu 1725 ndipo mwaimva kale podikira pa foni ya ofesi ina yake. Nigel Kennedy wa 1989 anagulitsa makope opitirira 2 miliyoni koma lero imamveka yodzionetsera. I Musici ndi Felix Ayo ndi yokoma mofatsa, yoyenera pa chakudya. Il Giardino Armonico a m'ma 1990, otsogozedwa ndi Giovanni Antonini, ndi amene amaibwezera mano, mkuntho wake ndi mkuntho weniweni, galu wa m'gawo lachiwiri la Spring akuuwadi. Tengani amenewo.

Ku mawu a anthu n'kumene khutu la Mmalawi silinamizika. Ambiri amayambira pa Three Tenors, Luciano Pavarotti, Plácido Domingo ndi José Carreras ku Rome pa 7 July 1990, usiku woti mawa lake ndi fainolo ya World Cup, Zubin Mehta akutsogolera. Ndi chisangalalo, amuna atatu kupikisana mwaubale, onerani. Koma Nessun dorma yabwino ya Pavarotti si ya usiku umenewo, ndi ya mu 1972 pa chimbale cha opera yonse ya Turandot, ndi Mehta yemweyo ndi Joan Sutherland, mawu ali pachimake, owala, osavutikira. Ndi yomweyo yomwe BBC inagwiritsa ntchito pa mpira wa 1990 n'kuitchukitsa kwa anthu omwe sanalowepo m'nyumba ya opera.

Ndiye pali Four Last Songs za Richard Strauss, za 1948, nkhalamba ya zaka zoposa 80 ikutsanzika. Elisabeth Schwarzkopf ndi George Szell mu 1965 amasamala liwu lililonse, silabulo iliyonse ili ndi mtundu wake, koma ngati Chijeremani simuchimva zambiri mwa zimenezo zimakudutsani, ndipo ena amaona ngati akunyanya kukometsera. Janowitz ndi Karajan m'ma 1970 ndi mawu oonda owala akuyandama pamwamba pa gulu. Jessye Norman ndi Kurt Masur ndi Gewandhaus ya ku Leipzig, chimbale cha 1983, ndi china chake. Mayi ameneyu anakulira ku Augusta, Georgia, akuimba m'tchalitchi kuyambira ali mwana, ndipo mpweya wake ndi wosaneneka, mzere womwe ena amaudula kawiri iye amaudutsa kamodzi, nyimbo yomaliza ija anaichedwetsa kuposa pafupifupi wina aliyense ndipo sigwa. Amene munayesapo kusunga noti yaitali kumapeto kwa nyimbo kwayamasitala dzanja lili m'mwamba osalitsitsa mudzamvetsa chomwe chikuchitika apa. Kusankha kwanga ndi Norman mosakayika, koma iyi ndiye ya usiku yeniyeni, mu minibasi musayese n'komwe.

Ndipo muzimutsatira Pretty Yende wa ku Piet Retief, yemwe anayamba kuimba ku Metropolitan Opera ku New York mu 2013 ndipo anaimba pa mwambo wolonga ufumu wa Charles III pa 6 May 2023, tsiku lomwenso Zadok the Priest uja anaimbidwa pa ntchito yake yeniyeni. Chimbale chake choyamba, A Journey, cha 2016, ndi poyambira pabwino kwa mtsikana wa sopurano amene akufuna kumva komwe mawu ophunzitsidwa angafike.

Za bandulo tsopano. Nyimbo yopanda chithunzi pa 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye Gould wa 1955 ndi cha m'ma 40 MB, Messiah yense yemwe amapitirira maola awiri ndi cha m'ma 140 MB, pomwe pa 320 kbps muwerengere kawiri ndi theka. Vidiyo imadya zochuluka kuposa apa, choncho pa YouTube ngati pa sikirini pali chithunzi cha chikuto chokha tsitsani quality mpaka pansi, palibe chomwe mukuonapo. Zimbale za mono zija, Casals, Furtwängler, Gould woyamba, musazitayire ma MB a quality yapamwamba, sizisintha kwenikweni. Sungirani zimenezo Norman ndi Kleiber, komwe pofewa pamafunika kumveka poyera. Spotify inafika kuno mu 2021 ndipo zambiri zomwe ndatchulazi zimapezekapo, kungoti ngati muli pa yaulere pa foni, imakonda kusakaniza nyimbo, zomwe kwa symphony ndi tsoka, gawo lachinayi kubwera lachiwiri lisanamveke, kapena malonda kulowa pakati pa gawo lachitatu ndi lachinayi la Beethoven 5 pomwe nyimboyo siimayenera kuduka n'komwe.

Posaka lembani zinthu zitatu, wolemba, woimba, chaka. Beethoven 5 Kleiber 1974. Messiah Colin Davis 1966. Goldberg Gould 1981. Ndipo zija zolembedwa kuti relaxing classical music kaya music for studying za maola 6 zija zipeweni, sizitchula n'komwe amene akuliza, zimadula nyimbo pakati n'kungotengamo pofewa pokha, ndipo zina si anthu akuliza, ndi kompyuta ikuwerenga manotsi. Mukapeza wina ali ndi Wi-Fi ku ofesi, yambani ndi Davis, Kleiber ndi Gould onse awiri, pa 128 kbps zonsezi sizifika 400 MB, zikwana bwinobwino pa memory card yomwe muli nayo kale.